Cholembera cha a Kalinde

Mayi Idesi a ku Ndunde sukulu anailekera sitandade faifi, chaka chimene bambo awo anamwalira. Kuyambira pamenepo akhala munthu wa khasu: chimanga ndi nyemba kumunda, tomato ndi mpiru kudimba. Amuna awo anakakwatira kwina ku Limbe, ana anayi n'kuwalera okha. Si munthu wodandaula. Udzu ukawakulira m'munda amaitana aganyu, ntchito n'kutha.

Mwana wawo wotsiriza, Mtisunge, ndiye anasankhidwa kupita ku koleji ku Blantyre kukaphunzira za uinjiniya. Mwezi usanathe anayamba kuimba foni akulira. Maphunziro awiri anamukanika: masamu otchedwa kalikyulasi, ndi fizikisi. Sabata iliyonse ankapatsidwa mafunso oti akayankhe payekha, iye n'kumangowayang'ana.

Mayi Idesi anaiona nkhaniyi ngati ya udzu m'munda. Ku Mbombwe kuli a Kalinde, amene anaphunzitsa masamu ndi sayansi ku sekondale zaka makumi atatu asanapume. Anakwera kabaza ndi ndowa ya nyemba kupita kumeneko.

"Aphunzitsi, mwana wapanikizika. Mutigwirireko ganyu."

A Kalinde anakana kamodzi kokha, monga mlendo amakanira chakudya. Zaka zisanu zinali zitadutsa popanda wowafunsa za masamu, ndipo manja ankawayabwa. Anagwirizana ndowa imodzi ya nyemba mwezi uliwonse. Mtisunge ankajambula mafunso n'kutumiza pafoni, a Kalinde n'kulemba mayankho papepala, kujambula, kubweza. Mtsikana ankangokopera. Malikisi anayamba kubwera okwera, ndipo Mayi Idesi ankawalengeza ngakhale pachitsime.

Mayeso enieni atafika, Mtisunge analephera maphunziro onse awiri. Anabwera kumudzi ndi uthenga wakuti patsala mwayi umodzi, mayeso obwereza amene ophunzira amati sapu, pakatha masabata atatu. Akalepheranso, sukulu yathera pomwepo.

"Nanga ma nainte aja unkandiuza pafoni apita kuti?" anafunsa mayi ake.

"Anali a aKalinde, amayi. M'chipinda cha mayeso salola foni."

Mayi Idesi sanamenye mwana, sanalire. Anamanga chitenje mwamphamvu n'kuitana makabaza awiri. Anawapeza a Kalinde pakhonde akumvetsera wailesi, ndipo Mayi Idesi moni sanapereke.

"Aphunzitsi, mwadya nyemba zanga mwana n'kukhala mbuli!"

"Amake Mtisunge, mawu akuti ganyu munabwera nawo ndinu. Waganyu amalima, saphunzitsa mwini munda kulima."

"Ine ndine wa sitandade faifi. Inu ndi madigiri anuwo simunaone kumene zikupita?"

"Ndi dipuloma, mayi, osati digiri."

"Kaya ndi chiphaso cha ubatizo! Munadziwa, munakhala chete."

A Kalinde anazimitsa wailesi. Mumtima Mayi Idesi ankadziwa kuti theka la mlandu ndi lawo, ndipo zimenezo ndi zimene zinkawapsetsa mtima kwambiri.

"Chabwino," anatero a Kalinde. "Bweretsa mafunsowo, mwanawe."

Anatulutsa cholembera m'thumba la malaya, n'kukokera kope kwa iwo, n'kuyamba kulemba. Mzere woyamba sanaumalize. Mayi Idesi anatsomphola cholemberacho n'kuchisomeka m'duku.

"Mwayambanso! Ana anga onse ndinawaphunzitsa kuunga mizere, koma sindinagwirirepo mwana khasu. Manja anuwo muwakhalire. Pano pagwire ntchito pakamwa pokha."

"Masamu saphunzitsa choncho, mayi."

"Lero muphunzitsa choncho."

Masabata atatu onse anapita m'mawa uliwonse, kupatula Lamulungu. Mtisunge pa tebulo ndi pensulo yake, a Kalinde pampando manja ali pansi pa ntchafu, Mayi Idesi pamphasa akusenda nandolo, maso ali pa aphunzitsi. Kudimba tomato anayamba kufota chifukwa chosowa womuthirira. Anansi atawauza anangoti, "Afote."

Masiku oyamba zinali zomvetsa chisoni. Mtisunge ankatha theka la ola pa funso limodzi, kufufuta mpaka pepala kubooka. A Kalinde ankatuluka thukuta. Tsiku lachitatu anatola kamtengo kuti ajambule pansi, Mayi Idesi n'kukaponda.

"Muuzeni ajambule yekha."

"Amayi, mukundichititsa manyazi," anatero Mtisunge misozi ili mbwe.

"Manyazi ndi kubwera kuno ndi chikwama chako anzako ali m'kalasi. Lemba."

Sabata yachiwiri panali funso la chinthu chogwa kuchokera pamwamba. A Kalinde analoza mtengo wa mango pabwalo. Bango likathothoka n'kufika pansi patatha sekondi imodzi, lagwa kuchokera patali bwanji? Mtisunge anawerengetsa, n'kunena mosangalala kuti mamita fote naini.

Mayi Idesi anaika lichero pansi. Mamita amawadziwa, nsalu amagula.

"Iwe, mtengo wa mango wa mamita fote naini unauona kuti? Dzuka, ukauyang'ane."

Mtisunge anadzuka, anauyang'ana, anabwerera pa kope. Anapeza yekha pamene anasokoneza pochulukitsa. Yankho linali pafupifupi mamita asanu. A Kalinde anafuna kuomba m'manja, koma anakumbukira kumene manjawo anali.

Kuyambira tsiku limenelo Mayi Idesi anaika lamulo lina. Funso lililonse likatha, mwana awafotokozere m'Chinyanja. Akayamba kubisala m'Chingerezi ankamudula.

"Kalikyulasi wakoyo ndi chiyani? Usandinamize."

Mtisunge anakanda m'mutu. "Wakabaza akachoka pa Njuli, pachitunda amayenda pang'onopang'ono, potsetsereka amathamanga. Masamu akale amanena liwiro la ulendo wonse. Awa amanena liwiro lake pa kamphindi kamene akudutsa pa mlatho."

"Basi?"

"Chiyambi chake ndi chimenecho."

"Ndiye unkalirira zimenezi? Nyemba zanga ndowa zinayi!"

A Kalinde anaseka. Mayi Idesi anawayang'ana, kuseka n'kutha.

Sabata yomaliza Mtisunge ankamaliza mafunso asanu ndi limodzi dzuwa lisanafike pamutu, awiri kapena atatu olakwa. A Kalinde anati nthawi yachepa, akanakhala ndi miyezi iwiri bwenzi zili bwino.

"Miyezi inayi munali nayo," anayankha Mayi Idesi. "Munaithera kudzikondweretsa nokha."

Mtisunge anabwerera ku Blantyre kukalemba. Zotsatira zitatuluka anaimba foni. Anakhoza maphunziro onse awiri, koma mopulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Ma nainte panalibe. Malo ake ku koleji anatsala.

"Malikisi amenewo ndi ako?" anafunsa mayi ake.

"Ndi anga, amayi."

"Chabwino. Usathe mayunitsi."

Mawa lake Mayi Idesi anakwera kabaza kupita ku Mbombwe, opanda ndowa. Anasolola cholembera m'duku n'kuchiika pa tebulo la a Kalinde.

"Wakhoza. Akakutumiziraninso funso, muimbireni foni, mulankhule. Mukadzalemba ngakhale nambala imodzi, ndidzamva."

"Simukhala pansi, amake Mtisunge? Tiyi wapsa."

"Ndili ndi ntchito."

Anapita molunjika kudimba. Tomato anali atauma mizere yonse. Anamuzula, n'kuyamba kutipula pofesa wina. Waganyu sanaitane.