Labala Amene Anasowa ku Chiparamba

Ine sukulu ndinalekera Giredi 2, koma musandiyese. Pa zaka zonse zimene ndinagwira nchito pa motoka yopopa konkire muno m'Chipata, panalibe munthu wodziwa malabala kuposa ine. Kafunseni ku Nabvutika kumene ndimakhala. Ngakhale amayi ogulitsa tomato adzakuuzani, chifukwa ndinawauza ndekha kangapo konse.

Motokayo ili ndi khosi lalitali lachitsulo lopindikapindika, ndipo m'mbali mwa khosilo mumadutsa mapaipi onyamula konkire mpaka pamwamba pa nyumba. Pamene paipi yakumana ndi inzake pamakhala labala wozungulira, kukula kwake koti dzanja langa limalowamo, kenako timamanga ndi kalampu yachitsulo. Labala akang'ambika, madzi a simenti amathawira panja, miyala imatsala yokhayokha n'kuthinana, paipi n'kutseka. Mukachedwa, konkire amaumira momwemo, paipiyo mwataya. Nchito yanga inali imeneyi: kutsuka labala aliyense, kumupinda ndi zala kuti ndione ming'alu, kumupaka girisi, kumubwezera. Manambala a pamapaketi sindinkawawerenga. Zala zanga zinkadziwa zokha kuti uyu watha, uyu akadali ndi moyo.

Amake ana kwawo ndi ku Chiparamba, ndipo ali ndi mchimwene wawo, alamu anga, munthu wa pakamwa pakuthwa. Tikakumana pamaliro kapena paukwati, sankalephera kundiponyera mawu.

"Alamu, mumati mumayendetsa makina, koma ife tinamva kuti mumangopondaponda matope m'tauni."

Ndiye tsiku lina kapitawo anatiuza kuti tikupita ku Chiparamba komweko kukathira konkire pamwamba pa holo ya tchalitchi. Ndinavina. Ndinatumiza uthenga kumudzi kuti onse abwere adzaone okha, ndipo alamu avale jekete yawo ya Lamulungu akhale pansi penipeni pa khosi la motoka. Ndinalonjeza kuti ngakhale dontho limodzi silidzawagwera.

Alamu anabweradi, jekete yakuda, mpando m'manja.

Unali mwezi wotentha uja mvula isanagwe, m'mawa dzuwa litayamba kale kuluma. Dalaivala anali atatsitsa khosi kuti ndisinthe malabala a kumapeto. Atatu ndinamaliza. Wachinayi ndili naye m'manja, girisi nditapaka kale, ndinangoona gulu likupatuka, apongozi anga aakazi akubwera ndi ndodo yawo, molunjika pamene ndinali.

Inu a masiku ano mumagwirana chanza ndi apongozi ngati anzanu a kumpira. Ife sitinaleredwe choncho. Mkamwini saima chilili pamaso pa mayi wobala mkazi wake. Ndinapatuka msangamsanga, n'kukanjuta kuseri kwa tayala, maso pansi. Tsono kuomba m'manja kumafuna manja awiri. Labala uja ndinangomulowetsa pamkono, malaya a ovolosi n'kumuphimba.

Moni wa apongozi anga sunali wachidule. Iwo atayang'ana kumunda, ine nditayang'ana tayala, anafunsa za mwana wawo, za adzukulu mmodzimmodzi, za mwendo wanga umene unatupa chaka chinacho, mpaka za nkhuku imene anatipatsa, ngati inaswa. Ine ndikungoti, "Ali bwino, mayi. Inaswa, mayi," manja akulira phuphuphu. Pamenepo motoka yoyamba ya konkire inali itafika kuchokera m'tauni, ndipo dalaivala wathu anayamba kuliza hutala.

"Madala, konkire sadikira moni!"

Apongozi atangotembenuka ndinathamanga, kutseka kalampu, kukhomera pini ndi nyundo, n'kufuula kuti amve mpaka kudimba: "Kwezani! Alamu, khalani bwino pamenepo muone nchito ya amuna!"

Khosi linakwera, anthu n'kuombera m'manja. Phala la simenti limene timayamba nalo linadutsa, konkire weniweni n'kutsatira. Pampu inkagunda bwino, du, du, du. Kenako ndinamva kamluzu kumwamba, fyoo, ndipo ndisanakweze mutu, madzi a simenti anali akutsika ngati mvula ya mu Januwale. Onse anathera pa jekete ya alamu.

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ine sindinaseke, chifukwa kugunda kwa pampu kunali kutasintha, kukumveka kolemera ngati ng'ombe yokoka ngolo pamchenga. Miyala inali itayamba kuthinana.

"Zimitsani! Bwezani m'mbuyo, mutsitse khosi!"

Dalaivala anabweza pampu kaye kuti mphamvu ichoke m'mapaipi, poti kalampu ukaitsegula paipi ili yodzaza mphamvu, imakuchotsa mano. Khosi litafika pansi ndinayenda ndi nyundo, kugogoda paipi. Pabwino imalira ngwe, potseka imangoti phu. Ndinapapeza, n'kutsegula kalampu ija. Labala munalibe.

Apa ndiye ndinakweza mawu. "Ndani wagwira mapaipi anga? Ndani wachotsa labala pano? Zaka zonsezi ine sindinaiwalepo labala!" Ndinaloza dalaivala, ndinaloza omanga nyumba, ndinaloza ngakhale akatekisiti amene anangobwera kudzadalitsa nchito. Motoka yachiwiri ya konkire inali itaima kale pamsewu, dzuwa likuphika zonse.

Alamu anabwera pang'onopang'ono, simenti ikuuma m'nsidze.

"Alamu," anatero, "chibangili chimenecho anakugulirani ndi mlongo wanga?"

Ndinayang'ana mkono umene ndinkalozera anthu. Malaya anali atakwera, labala ali lende, girisi akunyezimira.

Ndikuuzeni zoona, nthawi yochita manyazi panalibe. Ndinapisa dzanja m'paipi n'kuyamba kukumba miyala.

"Alamu, vulani jekete, yatha kale imeneyo. Tengani chitsulo icho muzitokosa mbali inayo!"

Anavuladi. Tinakumba awiriwiri, iwo uko ine kuno, amayi a mumpingo akuthamanga ndi ndowa za madzi. Miyala inali itagwirana ngati chiponde, koma inali isanaume. Titaona kuwala mbali ndi mbali ndinatsuka milomo ya mapaipi, kuvula chibangili changa, kuchipukuta, kuchipakanso girisi, n'kuchikhazika pamalo pake. Ndinatseka kalampu anthu onse akuyang'ana.

"Kwezaninso!"

Ulendo uno pansi pa khosi panalibe wokhalapo, choncho ndinakaimapo ndekha, chipewa m'manja, mutu pamtunda. Pampu inagunda, konkire anatuluka kumapeto wonona bwino, ndipo dazi langa linakhala louma mpaka motoka yomaliza itakhuthula. Dzuwa lisanapendeke holo inali itathiridwa yonse, paipi osataya ngakhale imodzi.

Tikutsuka zida, alamu anabwera atakoleka jekete pandodo, itauma gwa ngati chikumba.

"Makina mumawadziwa, alamu, ndavomera," anatero. "Koma ulendo wina mukamabwera ndi chimotoka chanuchi, mudzatiuze msanga, amayi tidzawatsekere m'nyumba."

Dalaivala analiza hutala. Ndinakwera kutsogolo, n'kutulutsa mutu pawindo kuuza anthu a ku Chiparamba kuti akafuna kumanga nyumba ina yosanja, akudziwa kumene ndimakhala.