Mchere Wakuda wa Abiti Usumani

Ku nyanja ya Chiuta mchere amagula mvula isanagwe. Dambo likadzaza ngolo sidutsa, lole siyerekeza n'komwe, ndipo msodzi wopanda mchere amangoyang'ana nsomba zake zikuola, poti dzuwa la dzinja silidalirika.

Zaka zimene sitima inali itangoyamba kudutsa pa Nayuchi, osungira asodzi a padoko mchere anali a Che Uladi ndi akazi awo a Sofia, omwe aliyense ankawatchula kuti Abiti Usumani. Bambowo ndiwo ankapita ku Nayuchi mu Okutobala, khadi la chipani lili m'thumba, kukatenga matumba pangolo. Kusunga kunali kwa mayiwo. Anabadwira kunyanja konko, ndipo ntchitoyi anaiona kwa mayi awo: mchere umakhala pansanja, pamwamba pa moto wa kukhitchini. Unkada ndi utsi, koma unkakhala wouma mpaka mvula kutha.

Chaka china a Che Uladi anamanga golosale ya malata, pansi pa simenti. Matumba anawasanja pakona, oyera mbee, nauza asodzi kuti asavutike kupita ku Nayuchi, mchere ulipo wokwana onse.

"Abiti Usumani, za mchere wonunkha utsi zatha," anatero. "Anthu akufuna woyera ngati wa ku Limbe."

"Simenti imachita thukuta, bambo."

"Thukuta? Imalima kodi?"

Koma tsiku lililonse popita kukaphika mayiwo ankatapa mchere wa m'golosale wodzaza beseni n'kuzungulira nawo kuseri. Amuna awo ankawaona.

"Mukuphikira mzikiti wonse?"

"Mwina," ankatero, osatembenuka.

Mu Januwale kunabwera mvumbi. Dambo linadzaza, njira ya ku Nayuchi inaduka. M'golosale matumba anayamba kunyowa kuchokera pansi, kenako kufwafwala, madzi amchere n'kumayenderera mpaka pakhomo. Mbuzi za m'mudzi zinkadzazana pamenepo kunyambita. A Che Uladi anaika matabwa pansi, koma kunali kuchedwa. Chinyezi chinali chitalowa kale.

M'mawa wina kunafika a Jimu, msodzi, mchimwene wa Abiti Usumani, atasiya bwato lodzaza nsomba za makumba padoko.

"Alamu, mchere! Ntchentche zayamba kale msonkhano kunsombako."

A Che Uladi anamasula thumba limodzi. Munali phala lokhalokha. Anamasula lina, chimodzimodzi.

"Si inu munati tisapite ku Nayuchi?" anafunsa a Jimu, mawu atatsika. Panja panali pataima asodzi ena ndi madengu awo. A Che Uladi anangovula chisoti n'kumachipinda m'manja.

"Achimwene, bwerani kuseri kuno," anaitana Abiti Usumani.

Kukhitchini nsanja inali itapindika ndi kulemera. Miphika yakale, mitsuko yothyoka milomo, ngakhale ndowa yobooka, zonse zinali zodzaza mchere wakuda, wouma gwa. Mayiwo anatapa chitini chimodzi chachikulu n'kukhuthulira m'dengu la a Jimu.

"Achemwali, ine mlongo wanu, chimodzi basi?"

"Iyayi, lero mulibe ulongo. Anzanu ali panjapo, ndipo dambo silinaphwe. Pakani mopyapyala, zina muwambe pamoto."

"Kuuma mtima ngati malemu mayi!"

"Ndiye munakula mukudya nsomba zoola?"

A Jimu anaseka, nanyamula dengu.

Umo ndi momwe zinayendera dzinja lonse: bwato lililonse chitini chimodzi, wachibale ndi mlendo mofanana. Ena ankang'ung'udza, koma palibe anataya nsomba m'dzenje. Tsiku limene ngolo yoyamba inaoloka dambo, Abiti Usumani anali akukokota pansi pa mtsuko womaliza.

A Che Uladi sanali munthu wodziwa kuthokoza ndi pakamwa. Chilimwe chitafika anaumba njerwa, namangira akazi awo khitchini yaikulu, ya nsanja ya mitengo yolimba. Mu Okutobala ngolo ya mchere inadutsa golosale osaima, n'kukatsitsira kuseri. Pakona ya simenti paja panakhala sopo ndi palafini.

Anagulitsa mchere wa utsiwo mpaka kukalamba onse awiri. Mlendo akadandaula kuti ndi wakuda, a Che Uladi ankayang'ana kukhitchini kumene kunkafuka utsi, n'kunena kuti, "Woyera uli ku Limbe, achimwene. Kuno tili ndi wouma."