Thumba langa litasanduka ekizibiti

Chaka chimene dzina langa linatuluka pa makuponi, ndinaima pamzere ku Santhe masiku atatu kuti ndigule thumba limodzi la feteleza wobereketsa. Ndinalilemba mtanda ndi penti yofiira n'kuliika m'chigafa cha fodya. Sabata isanathe linasowa. Tinakalipeza kwa mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, litafunditsidwa bulangete ngati wodwala malungo.

Apongozi anabwera ndi tambala m'khwapa, akuti tikambirane pakhomo, thumba libwerere lero lomwe. Mkazi wanga anandipempha kuti ndilandire. Koma ine, munthu wofika Fomu 2, womvera wailesi, ndinati dziko lino lili ndi malamulo. Ndinakweza thumbalo panjinga ndekha, popanda wondikakamiza, kupita nalo kupolisi monga umboni.

Kumeneko ndinaphunzirako Chingerezi chimene aphunzitsi anandibisira. Wapolisi anamata kapepala pathumbalo, n'kundiuza mwaulemu kuti tsopano si fetelezanso, ndi ekizibiti. Nditafunsa tanthauzo lake, anati ndi katundu wosungidwa kuti akaonetsedwe m'khoti, ndipo sakhudzidwa mpaka mlandu utatha.

"Nanga chimanga changa, bwana? Chafika m'maondo."

"Chimanga si nkhani yathu, bambo. Sichinabedwe."

Mlamu anamangidwa tsiku lomwelo, koma anatuluka pa belo m'mawa mwake n'kupita kukabandira munda wake. Amene anatsala m'chitokosi ndi feteleza wanga. Lachiwiri lililonse ndinkapalasa njinga kukamuzonda, ndikusuzumira pawindo la kachipinda kodontha. Anali pabwino ndithu, pakati pa njinga zakuba ndi zigubu za kachasu. Mlandu unaimitsidwa katatu. Chimanga, poti sichidziwa malamulo, sichinadikire: chinachita chikasu, chinamasula ngayaye chili m'chiuno. Mtima unkandiwawa, koma pakhomo ndinkayenda monyada.

Mu Epulo ndinawina mlandu. Mlamu anapatsidwa chilango chotchetcha udzu pakhoti, ine ndinapatsidwa thumba langa, mtanda wofiira uli pomwepo, palibe anatapako ngakhale kambewu kamodzi. Linali litauma gwa ngati mwala wa mphero, moti ndinaliika pakhonde kuti likhale mpando wa alendo.

M'nkhokwe munatha mu Okutobala. Mkazi wanga anatenga dengu n'kupita nalo kwawo, ndipo madzulo mlamu yemwe uja anabwera nalo panjinga litadzaza chimanga. Anakhala pa ekizibiti paja, n'kufunsa ngati ana adya.