Mshamu ndi chitsime cha padoko

Mshamu Likoko ndamudziwa zaka makumi asanu ndi limodzi. Tinabadwira pachisumbu chimodzi cha m'nyanja yamchere, kum'mwera kwa doko la Kilwa, ndipo pano tonse tikuyendera ndodo. Ndilemba zimene ndinaona ndi maso anga.

Ntchito yake inali yosamala chitsime cha padoko, chomangidwa ndi miyala ya m'nyanja. Anamusiyira ntchitoyi ndi bambo ake. Akuti chinakumbidwa nthawi imene zombo zinkabwera kudzatenga golide ndi minyanga, koma izo sindinazione. Ndili mwana ndinaona zombo za matanga zochokera ku Arabiya zikutsitsa zipatso za tende ndi nsomba zouma, n'kubwerera zitadzaza mitengo yofolera nyumba.

Mwambo wa chitsimecho unali wotere. Mphepo ya mpoto, imene inkabweretsa zombozo, ikayandikira, Mshamu ankalowa pansi ndi chingwe, kuchotsa matope onse, n'kuvundikira pakamwa pake ndi matabwa. Wa pachisumbu sankaloledwa kutunga mpaka chombo choyamba chachilendo chitaponya nangula, amalinyero atamwa. Kale tinkadikira masiku atatu kapena anayi basi.

Kenako katundu anasamukira m'sitima za injini, zomwe zimaima kumadoko akuluakulu. Masiku anayi aja anasanduka khumi, khumi n'kusanduka makumi awiri. Chaka chimene ndikunenachi mwezi unatha, mvula isanagwe, matabwa ali chivundikirire. Amayi a m'mudzi ankatunga kuseri kwa chisumbu, ulendo wa ola lathunthu, madzi ake amchere. Mmodzi wa iwo anali Mwanahawa, mkazi wa Mshamu, amene bondo lake linali lotupa ngati papaya.

Tsiku lina ndinawapeza akukangana pakhonde.

"Bambo a Zuhura," anatero Mwanahawa, "Aluya anuwo akafika muwauze akuphikireni. Ine mwendowu wakana."

"Abwera, mayi. Mphepo ndi iyi."

"Mphepo! Mphepoyo muzimwa nokha."

Nanenso ndinaikapo mawu. "Iwe Mshamu, nangula womaliza unamuona liti pano? Usandinamize, ndinalipo."

"Zaka zinayi zapitazo," anayankha akuyang'ana pansi.

"Nanga zaka zitatu izi unkatsegulira ndani?"

"Asodzi a ku Pemba. Nawonso ndi alendo. Iwe Shaweji, pakamwa pako pandikwana kale. Bambo anga sanatsegulepo mlendo asanamwe. Ndiyambe ine?"

Sanali munthu wankhanza. Ankaopa kuti akatsegula, ndiye kuti wavomera kuti doko lafa, ndipo lafera m'manja mwake. M'mawa uliwonse ankakwera pakhoma logumuka la mzikiti wakale n'kuyang'ana kumpoto mpaka maso kuchita misozi.

Tsiku la makumi atatu ndi asanu ndi limodzi Mwanahawa anagwa panjira, mtsuko n'kusweka. Anzake anabwera naye atamunyamula pachitseko. Mshamu anakhala pafupi ndi mphasa akuingitsa ntchentche, koma matabwa sanawachotse. Ndinamutcha chitsiru pamaso pa anthu, ndipo sindibweza mawuwo.

Kutacha kunafika boti laling'ono la injini lochokera ku chisumbu cha Mafia, litanyamula matumba a simenti. Silinkabwera kwathu ayi. Injini inazima, madzi n'kulikankhira padoko. Mshamu anavala mkanjo woyera, anatsika, napatsa moni mwini botilo ngati mfumu. Anachotsa matabwa, natunga ndowa, nam'patsa chikho.

"Pepani bambo, madzi tili nawo a m'mabotolo," anatero munthuyo.

"Imwani, chonde."

"Ndilibe ludzu."

"Mwana wanga, ndagwira mwendo wanu. Imwani."

Munthuyo anayang'ana amayi amene anali atandanda ndi ndowa zawo. Anamwa pang'ono, napukuta pakamwa, nafunsa ngati pachisumbu pano pali makaniko. Amayi anayamba kutunga.

Masana ake Mshamu anandiuza kuti mwambo wasungika. Ndinamuuza kuti lija linali boti lofa injini, osati chombo. Sanatsutse. Anangoti, "Ndatopa, Shaweji." Anatenga ndowa yodzaza kupita nayo kunyumba, ine ndili pambuyo. Atafika anagwada pamphasa, namwetsa mkazi wake.

"Mayi a Zuhura, sindidzavundikiranso," anatero.

"Mwanena pamaso pa Shaweji," anayankha Mwanahawa. "Ameneyu saiwala."

Bondo lija silinapole, ndipo Mwanahawa sanasenzenso mtsuko. Papita zaka khumi ndi zitatu. Mphepo ya mpoto ikayandikira, Mshamu amalowabe pansi kuchotsa matope, ngakhale masiku ano amatha sabata yathunthu. Akatuluka amakhala pamwala, kupuma movutika, amayi n'kumatunga iye akuona. Chaka chilichonse ndimapita kukaona ndekha, ndipo chitsimecho sichinavundikiridwenso ngakhale tsiku limodzi.