Singano Yachisanu

Ndimasoka madiresi a ana akhanda kwathu ku Likoswe, n'kumawagulitsa pa intaneti. Pansi pa chithunzi chilichonse ndimalemba kuti chovala sichichoka pakhomo ndisanachiyendetse maginito, kuopa singano yotsalira. Mawuwo ndinangokopera kwa osoka anzanga. Maginitowo ndilibe n'komwe.

Singano zanga zosokera pamanja zimakhala zisanu, zobaya pa kasiponji. Tsiku lina ndinamaliza diresi la ubatizo la mwana wa mayi wina wa ku Limbe, ndinalikulunga m'jumbo n'kupatsira kondakitala wa minibasi. Nditabwerera pa makina, pa siponji panali zinayi.

Ndinasesa m'nyumba monse, ndinakutumula chitenje, ndinapapasa ndi m'tsitsi momwe. Osaipeza. Ndinatenga foni n'kulemba kuti, "Amayi, musanamuveke mwana, yambani mwapapasa mpendero." Uthengawo ndinauyang'ana kwa kanthawi. Ndinakumbukira maginito anga a pa intaneti aja, n'kuufufuta. Kenako ndinapita kukaanula zovala pa chingwe.

Lamulungu masana chithunzi chinafika: kamwana kali m'tulo, katavala diresi lija.

"Asisi, manja anu ndi odala," analemba mayi uja. "Ndimakukondani chifukwa mumasamala ana athu."

Ndinayankha kuti, "Zikomo amayi, Ambuye amudalitse." Mumtima simunachitike kalikonse, ngakhale manyazi.

Mpaka lero sanadandaulepo, ndipo singanoyo sindinaipeze. Lolemba lake ndinapita kusitolo. Za maginito sindinafunse. Ndinagula singano imodzi n'kuibaya pa siponji paja, kuti ndikamawerenga zizikwana zisanu.