Sola ya a Yesaya Inkasunga Sabata

Anthu akaima pa okala yanga ku Khonjeni n'kufunsa kuti, "Douglas, timasola ting'onoting'onoti n'taphindu?" ndimati n'taphindu ndithu, koma zimatengeranso mwini wake. Ndiye ndimawauza za a Yesaya.

A Yesaya anathyola tiyi pa esiteti kuyambira ali mnyamata mpaka mawondo atayamba kulira ngati chitseko. Atapuma ntchito anamanga nyumba kuseri kwa mabulugamu, m'malire mwa esiteti, n'kumalima nthochi. Anali dikoni kumpingo wa Sabata, ndipo tsikulo ankalisunga mosasewera. Lachisanu dzuwa likamapendeka ankachotsa batire mu wotchi ya pakhoma kuti nayonso ipume. Lamulungu m'mawa ankapita kwa oyandikana nawo kukafunsa nthawi.

Mu 2008 mwana wawo Teleza, yemwe anakwatiwa ku Mzuzu, anawatumizira foni. Vuto linali kutchaja, chifukwa ulendo wa ku Khonjeni mawondo aja ankaukana. Ine ndinali nditangoyamba kupikula timasola ku Limbe, ndiye ndinakwera njinga n'kuwapititsira kamodzi, kakakulu ngati chivundikiro cha ndowa.

"Kameneka kamagwira ntchito tsiku lililonse, bambo," ndinatero monyadira. "Sikadwala, sikapita kumaliro."

Nkhope yawo inagwa. "Ndi pa Sabata pomwe?"

"Bola dzuwa."

"Kalibe pozimitsira?"

"Kalibe."

Anakatembenuza, kukanunkhiza, kenako anati, "Kakulira pa anthu osapemphera. Kasiye, ndikaphunzitsa."

Anakaphunzitsadi. Masiku ena onse kasola kankakhala pampando pakhomo, kuyang'ana kumwamba. Lachisanu madzulo ankakafunditsa chiguduli n'kusanjikapo mwala. Akazi awo, mayi Anesi, ankati kasolako kankasamalidwa kuposa mmene iwo anasamalidwira ali mkwatibwi.

Ndiye kunabwera Juni. Teleza anali woyembekezera, wotopa kale, ndipo pathupi pake poyamba panathera m'misozi, iye mwini anapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Mkamwini, Mabvuto, anaimba kunena kuti amugoneka kuchipatala, ndipo zikachitika adzaimbanso. Tsiku lomwelo chiperoni chinatsika. Nkhungu inakuta tiyi yense, kamvula kosatha kaja, dzuwa osaoneka ngakhale pang'ono. Ku Khonjeni nako magetsi kunalibe. Foni inalira kawiri modandaula n'kuzima.

Dzuwa linatuluka Loweruka.

Ine ndinapalasa njinga masana kukaona ngati kasitomala wanga wadyerera dzuwalo. Ndinapeza a Yesaya atangochokera kutchalitchi, ali ndi jekete ndi tayi, atakhala pakhonde. Mbali ina mayi Anesi, manja ali m'masaya. Pakati pawo kasola, kali m'chiguduli, mwala uli pamwamba. Kumwamba kuli mbee.

"Ndivundukule ineyo," ndinatero. "Ine si wa Sabata."

"Uli pakhomo panga, ndiwe mlendo wanga. Nawenso puma. Khala apo."

Ndinakhala.

"Bambo a Teleza," anatero mayi Anesi, "tiyi uyo akukula lero. Mukamufunditsenso chiguduli."

"Tiyi ndi wa esiteti. Akayankha okha."

"Nanga dzuwalo likugwira ntchito ya yani?"

"Limenelo lili ndi bwana wake. Ine ndikunena wantchito wanga."

"Wantchito! Mumamulipira chiyani? Chiguduli?"

A Yesaya ankangotembenuza foni yakufa ija m'manja, n'kumadina batani lomwe ankadziwa kuti siliyankha. Mayi Anesi anatsitsa mawu.

"Mwana wanu kaya ali moyo kaya ayi, inu simukudziwa. Paja kutchalitchi mumatiuza nokha kuti nkhosa ikagwera m'dzenje pa Sabata umaitulutsa."

"Imeneyo ndi nkhosa. Ndiponso ili m'dzenje. Foni iyi ili pakhonde."

Atangotero anayang'ana foni. Anayang'ana kuseri kwa nyumba, komwe anyamata anali atakumba dzenje la chimbudzi chatsopano, losamaliza. Anadzuka, ife pambuyo. Atafika anagwada movutikira, kukulunga foniyo mu kampango, n'kuitaya pansi mwaulemu.

"Yagwa," anatero.

"Taona," anatero mayi Anesi.

"Douglas, ndiwe mboni."

"Ndiye tiitulutse, bambo?"

"Iwe mwana, kutulutsa yakufa n'kupulumutsa? Amenewo ndi maliro. Iyambe yatsitsimuka."

Anapita okha pakhomo, kuchotsa mwala, kuvundukula chiguduli. Koma waya wa kasola unali waufupi, sukanafika pansi. Ine ndinati ndilowemo, anakana, akuti mlendo. Makwerero anali atabwerekedwa. Basi munthu wamkulu, wa tayi, anakhala m'mphepete mwa dzenje n'kutsetsereka ndi matako mpaka phi! Dzenjelo linawameza ndi mutu womwe. M'katimo munali mthunzi, ndiye anaika foni m'thumba la jekete, n'kunyamula kasola ndi manja awiri pamwamba pa mutu. Kunja kunkangooneka manja ndi kasola, kakuzungulira pang'onopang'ono kutsata dzuwa ngati mpendadzuwa.

Njira yopita kutchalitchi imadutsa pomwepo, ndipo anthu anali akubwerera ku mapemphero a masana. Amayi a yunifolomu anaima. Ana anaima. Kenako anafika a Ephraim, mkulu wa mpingo, nasuzumira.

"Adikoni, ndinu?"

"Ndine, akulu."

"Mukutani m'menemo?"

"Ndikupulumutsa."

"Chagwamo n'chiyani?"

"Foni."

"Yagwa yokha?"

M'dzenjemo munatuluka mawu: "Inali ndi woiperekeza."

A Ephraim anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Wina anati nkhaniyi ndi ya komiti. Wina anati foni ilibe ubweya, siingakhale nkhosa. Mayi wina anati tsopano chomwe chili m'dzenje ndi dikoni, ndipo dikoni ndi wololedwa kumutulutsa popanda komiti. Apo onse anagwirizana. Abambo awiri anavula majekete, kugwada, kutambasula manja.

"Musandikhudze! Yangofika kamzere kamodzi!"

Ali mkati mokangana, jekete la a Yesaya linayamba kuimba. Manja awo onse anali pa kasola, ndipo akanatsitsa, foni ikanazimanso. Anangoima choncho, thumba likulira, maso ali tong'o.

Mayi Anesi sanafunse munthu. Anagona chafufumimba m'dothi lonyowa lija, ndi zovala za kutchalitchi, kupisa dzanja m'thumba la amuna awo, n'kusolola foni mpaka pomwe waya unathera. Mutu wawo unali m'dzenje, miyendo kunja, amayi awiri atawagwira akakolo.

"Halo! Mabvuto? Lankhula, bambo, lankhula!" Anamvetsera. "Wamkazi? Nanga iyeyo? Iyeyo, Teleza, ali bwanji?" Anamvetseranso, kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. "Mpatse. Mpatse ndimumve."

"Akuti bwanji?" anafuula a Yesaya, ngakhale foni inali pafupi ndi khutu lawo lomwe. "Mayi a Teleza, akuti bwanji?"

"Ali bwino, ali bwino, akudya phala. Inu kwezani manjawo, mukutchinga dzuwa ndi chala."

Nthungululu zinaphulika panja. A Ephraim anabwezera magalasi, kusuzumiranso, n'kunena kuti, "Adikoni, tikutulutseni tsopano?"

"Dikirani, akulu," anatero a Yesaya, misozi ikutsikira pa tayi. "Sindinalankhule naye."