Batire Yomwe Inkafa Lolemba Lililonse

Dipuloma yanga ya zamagetsi ili pakhoma la chipinda chochezera kwathu ku Assumane, m'tauni ya Lichinga, ndipo kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti pepala limenelo linandipatsa ufulu wonena zoona pa nkhani iliyonse yokhudza mawaya. Amene anandichiritsa matenda amenewa ndi apongozi anga aamuna, bambo a mkazi wanga, omwe ali ndi boti limodzi ndi khoka la chilimira ku Meponda, m'mphepete mwa nyanja.

Gwero la nkhaniyi ndi boti la mnansi wawo. Mwini wake anagula sonda, kachipangizo kokhala ndi galasi ngati la foni komwe kamaonetsa pamene nsomba zaunjikana pansi pa madzi. Kuyambira pamenepo anthu ake ankabwera ndi utaka, pamene boti la apongozi linkabwera ndi nkhani za mphepo. Alovi asanu, amuna omwe ankakoka khoka la apongozi, sanabise maganizo awo. Mkulu wawo ananena poyera kuti mwezi ukatha boti likadali lakhungu, onse adzasamukira kwa mnansiyo. Boti lopanda alovi ndi matabwa chabe pamchenga, ndipo apongozi anali atapitirira msinkhu wokoka okha khoka.

Monga mkamwini wophunzira, ndinagula sonda ndi batire ya lithiyamu. Sindinagule mwachimbulimbuli. Ndinayamba ndalingalira kuti batire yotereyi ndi yopepuka, ilibe asidi wotayikira pa nsomba boti likamagwedezeka, ndipo ingayendetse sonda mlungu wathunthu isanathe moto. Tchaja yake ndinaisunga kwathu ku Lichinga pa zifukwa ziwiri zomveka bwino: kunyumba kwa apongozi magetsi anali asanafike, ndipo munthu wotchaja mabatire kumeneko anali ndi makina a mabatire a galimoto omwe sindinkawakhulupirira. Dongosolo linali lakuti batire izikwera pa chapa, minibasi zathu zija, Loweruka, ndiitchaje, itsike Lamulungu. Ndinanyadira dongosolo limeneli kwambiri, monga mmene munthu amanyadira denga lomwe mvula sinaliyese.

Chinthu chimodzi chokha sindinachiyike pa sikelo: apongozi nawonso ndi katswiri wa mabatire. Nthawi ya nkhondo banja lawo linathawira ku Malawi, ndipo kumeneko ankadyetsa ana ponyamula mabatire a mawailesi a anthu panjinga kukawatchajitsa kumsika wakutali. Anabwerako ndi malamulo awiri. Loyamba, batire yabwino imalemera. Lachiwiri ndinalidziwa mochedwa.

Tsiku lomwe ndinakapereka katunduyo, anainyamula batire ndi dzanja limodzi, naiyang'ana pansi ndi pamwamba.

"Akamwini," anatero mwaulemu wonse, "chikwama chake ndi chokongola ndithu. Batireyo mwaiiwala m'chapa?"

Alovi anaseka. Inenso ndinaseka, pakuti mkamwini amaseka nthabwala za apongozi ngakhale zikumudya iye mwini. Ndinamangirira sonda pa thabwa la kumbuyo kwa boti, ndinalumikiza mawaya, galasi linayaka, ndipo ndinakwera phiri kubwerera ku Lichinga ndili wokhutira.

Lolemba masana foni ya mkazi wanga inalira. Apongozi sadandaula kwa mkamwini mwachindunji, mawu amadzera mwa mwana wawo.

"Bambo akuti batire yanu ija yafa," anatero mkazi wanga. Ndinazindikira kuti pofika Lolemba inali itakhala yanga.

Batire inakwera pa chapa Lachiwiri. Nditaiyeza ndi mita, panalibe kanthu. Nditailumikiza ku tchaja, inadzuka nthawi yomweyo, ili pafupifupi yodzaza. Munthu wamba akanangodabwa. Ine ndinatenga kope ndi kulemba zinthu zonse zomwe zikanachititsa zimenezi: chisanu cha ku Lichinga, mabampu a msewu wotsikira kunyanja, chinyezi, mawaya olumikizidwa mosakhwima. Ndinayamba ndi chisanu ndi mabampu pamodzi. Ndinaikulunga batire mu bulangete ndi kuiika m'katoni yodzaza ndi utuchi.

"Zaka zonsezi ine simunandifunditsepo chotero," anatero mkazi wanga ataimirira pakhomo.

Lolemba lotsatira inafanso. Pamenepo ndinakayikira woyendetsa chapa, munthu wosalakwa, kuti mwina ankaimbira nyimbo batire yanga panjira. Ndinamata katoni ndi tepi n'kusainira pamwamba. Katoni inafika yosatsegulidwa, ndipo batire inafa Lolemba, pa nthawi yake, mosaphonya ngati wantchito wa boma polandira tchuthi.

Milungu itatu inali itapita. Lamulungu lotsatira ndinatsika nayo ndekha, ndipo Lolemba m'mawa ndinali pamchenga pamene boti linkakonzekera kunyamuka. Ndinaika batire pa thabwa. Ndisanagwire mawaya a sonda, apongozi anakweza dzanja.

"Tayembekezani, akamwini. Chinthu chimayesedwa chisanalowe m'madzi."

Anatulutsa m'thumba kawaya kamkuwa, kakuda ndi ukalamba, komwe anabwera nako kuchokera ku Malawi. Anagunditsa nsonga zake pa mitu iwiri ya batire. Thwa! Moto unathetheka. Anagunditsanso kachiwiri, zii. Kachitatu, zii.

"Mwaona?" anatero akuyang'ana alovi, osati ine. "Moto wake ndi wa mtengo umodzi wa machesi. Mabatire omwe ndinkanyamula ine ankathetheka mpaka dzanja kutopa."

Limeneli ndilo linali lamulo lachiwiri. M'kati mwa batire ya lithiyamu muli kachipangizo koilondera. Mitu iwiri ikagundana, kamlondako kamatseka moto wonse kuti batire isapse, ndipo ka batire yathuyi sikankatsegulanso mpaka katamva tchaja. Apongozi ankaipha batire Lolemba lililonse poiyesa ngati ili moyo. Mankhwala ake, tchaja ija, anali pa tebulo langa ku Assumane, komwe nzeru zanga zinawaika.

Ndinatsegula pakamwa. Mkulu wa alovi anandiona.

"A Enjinyeru, lankhulani, tikumva. Kapena dipuloma nayonso yatsala m'chapa?"

Ndinali ndi yankho lathunthu, lokhala ndi chiyambi, pakati ndi mapeto. Koma ndinaliyeza ndisanalitulutse. Mkamwini sadzudzula apongozi, ndipo kuwadzudzula pamaso pa antchito awo ndi kuwavula malaya pamsika. Ndikanati ndinene, Meponda yense akanadziwa kuti mwini boti anapha batire yake kanayi ndi dzanja lake. Ndimawadziwa apongozi: akanasankha kuti boti liwole kusiyana ndi kulowetsamo chinthu chomwe chinawachititsa manyazi. Zoona zanga zikanapambana, koma alovi akanapita ndithu.

"Zoonadi, bambo," ndinatero nditagwira chipewa m'manja, "ili ndi vuto. Ndikaikonza."

"Mlungu umodzi," mkulu wa alovi anauza apongozi. "Ana athu sadya ulemu."

Nditafika kunyumba ndinafotokozera mkazi wanga zonse, ndi chithunzi chojambula papepala, n'kumupempha kuti akawauze bambo ake mofatsa kuti asiye kugunditsa kawaya.

"Ndikawauze kuti kawaya komwe kanatidyetsa ku Malawi ndi kopusa?" anandifunsa. "Inu ndinu ophunzira. Bambo ndi achikulire, sangasinthe. Batireyo ndi yatsopano, kaiuzeni imeneyo."

Ndinakwiya kwa tsiku limodzi, kenako ndinaona kuti mwa anthu onse a m'nkhaniyi iye yekha ndiye anali ataganiza ngati enjinyeru. Ndinagula matabwa ndi kukhoma bokosi la zipinda zitatu. M'chipinda choyamba ndinaikamo batire ya lithiyamu, mitu yake yobisika, ndi fyuzi, ndi kapulagi kotulukira m'mbali kolumikizira sonda ndi tchaja. M'chachiwiri, kuseri kwa thabwa lochindikala, ndinaikamo kabatire kakale ka njinga yamoto, kolumikizidwa ku mabawuti awiri aakulu onyezimira pamwamba pa bokosi. Ntchito ya kabatireko inali imodzi yokha, kuthetheka. M'chipinda chachitatu ndinaikamo miyala iwiri ya kuseri kwa nyumba yanga, yokulungidwa m'chiguduli. Ndinatseka chivundikiro ndi zomangira, n'kupaka bokosi lonse utoto wakuda. Zaka zitatu za maphunziro a zamagetsi zinafika pachimake pamene ndinkasankha miyala yolemera bwino.

Lolemba apongozi analinyamula bokosilo ndi manja awiri, nabuula pang'ono.

"Eya. Iyi ndiye batire."

Anatulutsa kawaya. Thwa! Thwa! Thwa! Anagwedeza mutu mokhutira, nandilola kulumikiza sonda. Galasi linayaka ndipo silinazime. Masana boti linabwera lolemera, ndipo mwezi utatha palibe mlovi amene anasamuka. Ku Meponda mpaka lero kumadziwika kuti mkamwini wa ku Lichinga analephera kanayi, kufikira apongozi ake atamuphunzitsa mmene batire yeniyeni imakhalira. Sindinatsutsepo mbiri imeneyi. Loweruka lililonse ndinkalandira bokosi pa chapa, woyendetsa akudandaula za msana wake, ndipo ndinkatchaja mabatire awiri n'kuonetsetsa kuti miyala ili bwino.

Patapita miyezi ingapo, foni ya mkazi wanga inaliranso Lolemba masana. Anamvetsera nthawi yaitali, akuyankha kuti "eya, bambo," ndipo atamaliza anakhala pampando akudziletsa kuseka.

"Yafanso?" ndinafunsa.

"Ayi. Akuti batire ikugwira ntchito bwino, ndipo akuthokoza. Koma akuti msana wayamba kuwavuta. Ndiye mukatsegula bokosi Loweruka likubwerali, muchotsemo mwala umodzi."

Ndinamuyang'anitsitsa, ndipo iye anapitiriza.

"Winawo akuti muusiye, alovi angadabwe."

"Anadziwa liti?"

"Akuti tsiku loyamba lomwe. Munthu amene wakhala akumanga miyala ku khoka moyo wake wonse sangalephere kumva mwala ukugubuduka m'bokosi."

"Nanga kawaya kaja?"

"Akuti mabawuti aja musawakhudze. Alovi sakwera boti asanaone moto."

Loweruka ndinamasula chivundikiro n'kuchotsa mwala waukulu. Sindinaubwezere kuseri kwa nyumba. Chitseko cha chipinda chochezera chimakonda kudzitseka chokha mphepo ya ku Lichinga ikawomba, choncho mwalawo ndi umene umachigwira, pansi penipeni pa dipuloma.